Felemu ya chitsulo kapena ya aluminiyamu? Ndithandizeni ndisanataye ndalama

Tate_wa_Dalitso:
Abale muli bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani ya njinga, mundithandize maganizo. Ine ndimakhala ku Kanyama muno mu Lusaka koma ntchito ndimagwira ku Longacres, ndiye tsiku lililonse mabasi awiri popita awiri pobwera, ndalama yonse ikungothera kwa makondakita. Ndakhala ndikusunga pang'onopang'ono mpaka yakwana K3,500 ndipo ndapeza njinga ziwiri. Yoyamba ndi ya salaula, mountain bike ya magiya, ili ndi mnyamata wina ku Matero, akuti felemu yake ndi ya aluminiyamu, ndinainyamula ndi dzanja limodzi, yopepuka zedi. Yachiwiri ndi yatsopano, zakuda zija za chitsulo zopanda magiya, ndinaiona mu shopu ku Kamwala, yolemera koma kaliyala yake ndi yaikulu. Manje vuto ndi ili, wa ku Matero akuti aluminiyamu sichita dzimbiri ndiye ndi yabwino kwathu ku Kanyama kumene madzi amasefukira, koma alamu anga akuti aluminiyamu ikathyoka yathyoka basi, palibe angaiwotcherere. Ndimvere ndani? Dziwaninso kuti m'mawa ndizinyamula mwana kukamusiya kusukulu, Loweruka ndizikatenga bokosi la tomato ndi thumba la unga la 25kg ku msika wa Soweto, za pa kantemba ka amake Dalitso.

Chova_Chova:
Chitsulo mudala. Mwangotchula thumba la unga nkhani yatha.

AmakeTaonga:
Yatha bwanji pomwe munthu wangofunsa kumene? Ine ndili ndi ya aluminiyamu chaka chachinayi tsopano ndipo sinandivutepo.

Chova_Chova:
Amake Taonga inu mumanyamulapo chani pa yanuyo?

AmakeTaonga:
Chikwama cha kuntchito ndi ndiwo za madzulo, nthawi zina mafuta ophikira. Koma mvetsani mbali yanga. Ndimakhala ku maflati a ku Kabwata, pamwamba, ndipo njinga sindingaisiye pansi usiku, ndimaikweza masitepe tsiku lililonse. Ndinali ndi yachitsulo poyamba, ndikafika pakhomo manja ali njenjenje, msana ukuwawa, mpaka ndinayamba kuisiya n'kumakwera basi. Njinga yoti ukuopa kuinyamula suikwera. Ndiye musamangoti chitsulo chitsulo ngati tonse timakhala mofanana.

Tate_wa_Dalitso:
Zikomo amayi. Kwathu kulibe masitepe, ndi kungoikankhira m'nyumba. Nkhawa yanga ndi madzi ndi katundu.

Fundi_wa_Kalingalinga:
A Tate_wa_Dalitso, ndiloleni ndilankhule monga munthu amene ndimadyera pa kuwotcherera. Ntchito yanga kwenikweni ndi mageti ndi mafelemu a zitseko kuno ku Kalingalinga, koma sabata siitha osabwera munthu akukankha njinga yothyoka. Alamu anu sananame kwenikweni, angofupikitsa nkhani. Aluminiyamu imawotchereka, koma osati ndi makina amene tili nawo ambirife m'mbali mwa msewu. Imafuna makina apadera otchedwa TIG ndi gasi wa argon, ndiponso munthu wodziwa, chifukwa aluminiyamu sifiira ikatentha ngati mmene chimachitira chitsulo. Chitsulo chimakuchenjeza, chimayamba kufiira, umaona kuti apa ndichepetse moto. Aluminiyamu imangokhala yotuwa mmene inalili kenako mwadzidzidzi yagwera mkati, wasiya dzenje. Imasungunuka pa madigiri 660 chabe, pomwe kakhungu kamene kamakhala pamwamba pake kamafuna madigiri oposa 2000, ndiye ukulimbana ndi khungu mkati mwasungunuka kale.

Chachiwiri, chimene anthu ambiri sadziwa. Mafelemu ambiri a aluminiyamu ndi a mtundu wa 6061, muona chomata cholembedwa 6061-T6. T6 imeneyo ikutanthauza kuti atatha kuwotcherera ku fakitale, felemu yonse anailowetsa mu uvuni kuti ibwerere mphamvu. Ine kapena mnzanga wa TIG tikawotcherera pamene pang'aluka, malo ozungulira pamenepo amafewa, ndipo uvuni woloweza felemu yonse tilibe. Ndiye pamaoneka bwino, mwini wake n'kupita akusangalala, pakatha miyezi pang'ono yang'alukanso pambali pomwepo. Ndaziona kangapo, ndipo masiku ano ikabwera ya aluminiyamu ndimangomuuza mwini wake zoona, sinditenga ndalama yake.

Yachitsulo ikabwera ndimalowetsa kapaipi mkati, ndikuwotcherera, mphindi makumi atatu munthu wapalasa kubwerera kwawo.

Mwana_wa_Katete:
Apa fundi mwalasa. Kwathu ku Katete njinga imodzi imadutsa m'manja mwa anthu atatu, agogo, atate, mwana, ndipo ili ndi zipsera za moto paliponse koma ikuyendabe.

Mech_wa_pa_UNZA:
Ndiwonjezereko manambala pang'ono pa zimene anena a fundi, ndaba anthu amaganiza kuti aluminiyamu ndi yopepuka katatu ndiye njinga yake ndi yopepukanso katatu. Sizili choncho. Zoona kachidutswa ka chitsulo ka sentimita imodzi mbali zonse kamalemera pafupifupi magalamu 7.85 pomwe ka aluminiyamu kofanana kukula kamalemera 2.7, koma aluminiyamu ndi yofewanso pafupifupi katatu, imapindika msanga. Kuti felemu isamagwedere amakulitsa mapaipi ndi kuwanenepetsa, n'chifukwa chake njinga za aluminiyamu mapaipi ake ndi aakuluakulu pomwe zachitsulo ndi oonda. Mapeto ake kusiyana kwa felemu yokha kumangokhala kilo imodzi kapena imodzi ndi theka. Zimene zimalemeretsa njinga yakuda ya ku Kamwala si felemu yokha, ndi malimu achitsulo, mahandulo achitsulo, kaliyala, sitandi, madigadi ndi chishalo cha masipuling'i. A Tate_wa_Dalitso mukakweza thumba la 25kg ndi bokosi la tomato, kilo imodziyo simuimva n'komwe.

China ndi chimene m'kalasi timachitcha kutopa kwa chitsulo. Tengani waya muzimupinda uku ndi uku, amaduka. Chitsulo chili ndi malire ake, kupinda kukakhala kochepera malire amenewo chimapirira mpaka kalekale. Aluminiyamu ilibe malire otero, bampu iliyonse ndi dzenje lililonse zimachotsako kanthu pa moyo wake ngakhale pang'ono bwanji. Yatsopano palibe nkhawa, opanga amawerengera zimenezi ndipo imatha zaka zambirimbiri. Koma ya salaula simudziwa kuti mwini wake woyamba anadumpha nayo miyala ingati.

AmakeTaonga:
Yanganso ndi ya salaula koma.

Mech_wa_pa_UNZA:
Ndipo mwina ili bwinobwino amayi, sindikunena kuti ithyoka mawa. Ndikungoti muziiyang'ana m'malo owotcherera mukamaitsuka.

Boyi_wa_Chibolya:
Inu nonse mukamba za kuthyoka, nanga dzimbiri? Munakhalako ku Kanyama nthawi ya mvula imwe? Kuyambira Disembala mpaka Malichi madzi amafika m'mawondo, njinga imayenda m'madzi ngati bwato. Yanga yachitsulo inadyeka mkati ine osadziwa, kunja penti ili bwino, tsiku lina ndikutsika pa bampu kapaipi kakumbuyo kamene kamachokera pa mapedulo kupita ku wilo kanangoti phwa. Nditayang'ana mkati munali ngati khofi, zofiirira zokhazokha, kupanikiza ndi chala paipi imaboweka. Ndiye wa ku Matero uja pa nkhani ya dzimbiri sananame.

Fundi_wa_Kalingalinga:
Zoona boyi, dzimbiri la mkati ndi limene limapha mafelemu achitsulo kuno, ndipo likafika pamenepo ngakhale ine sindingathandize, ulibe pogwira, ukayatsa moto paipi imangopsa ngati pepala. Koma limapeweka. Madzi amalowera pa paipi ya chishalo n'kukadikha pansi pa mabero a mapedulo. Mukayenda m'madzi zulani chishalo, mugadabuze njinga miyendo m'mwamba madzi atuluke, muisiye padzuwa. Mvula isanayambe, mu Okutobala, thirani oyilo wa injini pang'ono m'mapaipi muizunguze kuti ayende monsemo. Timabowo ting'onoting'ono tili kumapeto kwa mapaipi akumbuyo ndi pa foloko musatitseke ndi matope kapena penti, ndi topumira. Penti ikakalika pakani ina msanga, ngakhale ya zikhadabo ya amake mwana imagwira.

Boyi_wa_Chibolya:
Za oyilo izi bwenzi wina atandiuza kale.

Mech_wa_pa_UNZA:
Komanso ngakhale felemu ikhale ya aluminiyamu, tcheni, mabero, masipoko otchipa, mabawuti, ekiselo, zonsezo ndi zitsulo. Madzi a ku Kanyama adzadya zimenezo kaye.

Agogo_Eagle:
Ana anga, nkhani yanuyi yandikumbutsa kutali. Ife tinakula ndi Eagle, njinga zimene ankamanga ku Chipata pa fakitale ya Luangwa Industries. Mwamuna ukagulitsa thonje kapena fodya chinthu choyamba chinali Eagle, wailesi pambuyo. Yanga ndinanyamulapo amayi a kunyumba ali ndi pakati kuchoka kumudzi mpaka kuchipatala cha St Francis ku Katete, usiku, tochi ili kukamwa, msewu wa mchenga. Chishalo chinasinthidwa, malimu anasinthidwa kawiri, foloko inapindika titagwera mu ngalande tinaiwongola ndi paipi ya madzi pansi pa mtengo wa mango, koma felemu ndi yomweyo, ili kwa mdzukulu wanga ikutunga madzi mpaka lero. Zimenezi za aluminiyamu ine sindizinyoza, koma foloko yake ikapindika mungaiwongole pansi pa mtengo?

Mech_wa_pa_UNZA:
Ayi agogo, aluminiyamu ikapindika ukaibweza imang'aluka, kapena imafooka mosaoneka, ndiye choopsa kwambiri. Imeneyo ndi yotaya.

Mwana_wa_Katete:
Agogo mwanditengera kumudzi. Mpaka pano ku Chipata anyamata a kabaza amene amanyamula anthu pa kaliyala ya khushoni, pitani mukawerenge, simupezapo wa aluminiyamu. Anthu amene njinga ndi munda wawo anasankha kale.

Zed_Rider_LH:
Mwaulemu ndithu, koma gulu lino likulankhula ngati njinga ndi ngolo basi. Ena timakwera chifukwa cha liwiro ndi thanzi. Ine Lamlungu lililonse m'mamawa ndimakhala pa Leopards Hill Road ndi anzanga, makilomita 60 kapena 80, ndipo ndinachoka pa chitsulo kupita pa aluminiyamu kenako kaboni. Felemu ya kaboni imalemera cha m'ma kilo imodzi, pa chitunda imangouluka, siichita dzimbiri, ndipo kunjenjemera kwa msewu sikufika kwambiri m'manja. Za mpikisano zinapepuka mpaka a UCI, bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, anachita kuika lamulo mu 2000 kuti njinga isachepere makilo 6.8. Ndiye tisamauze achinyamata kuti chitsulo ndiye mapeto a zonse.

Chova_Chova:
Bwana munthu ali ndi K3,500 ndi bokosi la tomato.

Zed_Rider_LH:
Ndamva, ndipo sindikuwauza kuti agule kaboni, ayi ndithu. Ndimafuna ndifike pomwepo. Kaboni ndi ulusi womatidwa ndi guluu wa epoxy, ndi wolimba kwambiri kumbali imene anaupangira koma sufuna kumenyedwa kapena kufinyidwa. Yanga yoyamba sinathyokere pa msewu, inagwa yokha itatsamira pa khoma n'kumenya pa ngodya ya sitepe. Kunja kanali kachizindikiro kakang'ono ngati kukalika kwa penti. Nditagogoda ndi kobiri malo ena onse imalira kuti ti ti ti, pamenepo imangoti du du, ulusi unali utalekana mkati. Mabawuti ake umamanga ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa mahandulo nthawi zambiri amalemba 5 Nm, ukapyola wafinya paipi. Kaliyala suyikapo. Ndiye amene akuona kaboni ya salaula yotchipa pa Facebook achenjere kawiri, mng'alu wake umabisala.

NaChikondi_Mtendere:
Nanga titaniyamu? Mwamuna wanga amangoitchula ngati ndi golide.

Zed_Rider_LH:
Siichita dzimbiri, siifuna penti, kulemera kwake kuli pakati pa chitsulo ndi aluminiyamu. Koma mtengo wake mungagule njinga yamoto, ndipo kuiwotcherera n'kovuta kuposanso aluminiyamu.

Boyi_wa_Chibolya:
Kaboni, titaniyamu, zonsezo mbava sizisankha. Ine inabedwa pa City Market masana dzuwa lili pamutu, ndinangolowa kugula chaja. Loko ya waya ija amadula ngati chingwe cha nsapato.

AmakeTaonga:
Pepani. Ine n'chifukwa chake ndimakweza masitepe.

Mlonda_wa_Usiku:
Gulani tcheni chenicheni cha ku hardware ndi loko yaikulu, mulowetse mu chubu chakale kuti chisakale penti. Ndipo mumange felemu ku chitsulo chozikika, osati wilo yokha, mupeza wilo ili yokhayokha ikukudikirani. Ife kuntchito timaziona izi.

Mwana_wa_Katete:
Komanso ya magiya yonyezimira imakopa maso. Yakuda yakale palibe amaicheukira.

NaChikondi_Mtendere:
Ine mbava sindiziopa kwambiri ngati mmene ndimaopera oyendetsa mabasi. Pa Great East Road amakukhotera kutsogolo kuti anyamule munthu mmodzi, osayang'ana n'komwe. A Tate_wa_Dalitso mukuti muzinyamula mwana, chonde pezani njira za mkati, ndipo miyendo ya mwana muitchinge isalowe mu masipoko. Mwana wa mchemwali wanga anasupuka chidendene chonse, anakhala milungu itatu osavala nsapato.

Tate_wa_Dalitso:
Zikomo asisi, sukulu yake ili mkati mwa komboni momwemo, sitifika naye pa msewu waukulu. Za miyendozo ndizisamala.

Admin_Njinga:
Abale nkhani ya mbava ndi mabasi tiitsegulire pake, ndi yofunika. Pano tiyeni timuthandize bamboyu za felemu, Loweruka likuyandikira.

Mwana_wa_Malasha:
Ine ndilankhuleko za katundu ndaba ndinakulira pamenepo. Atate anga ankatchova malasha kuchoka cha ku Chongwe kubwera nawo mu tauni, matumba atatu nthawi zina anayi, kunyamuka 2 koloko usiku. Njinga zawo zonse zinali zachitsulo ndipo palibe imene anaisiya mmene inachokera ku shopu. Ankapita nayo kwa owotcherera kukaonjezera nsimbi ziwiri pa foloko, kaliyala ankapangitsa ya nsimbi zomangira nyumba zija, wilo yakumbuyo ankamangitsa masipoko onenepa. Chimene chinkathyoka kawirikawiri si felemu, anali masipoko, ekiselo yakumbuyo ndi miyendo ya kaliyala. Ndiye a Tate_wa_Dalitso musangoyang'ana mapaipi, yang'anani pamene kaliyala ikagwire. Mountain bike zambiri zilibe n'komwe timabowo tomangirapo kaliyala pafupi ndi ekiselo, ndipo makaliyala a m'mashopu ogwira ndi timabawuti tiwiri ambiri amalembedwa 25kg basi. Unga wokha wakwana kale, tomato akwera pati? Anthu amathawira pa kaliyala yogwira pa paipi ya chishalo yokha, imeneyo pa aluminiyamu ndiye kuipha felemu.

Nurse_wa_kumudzi:
Pa katundu palibe inandikhutiritsa ngati Buffalo. Ndinagwirako ntchito ku chipatala chaching'ono cha kumudzi ndipo odzipereka athu oyendera odwala ankakwera zimenezo. Ndi za World Bicycle Relief, bungwe limene linayamba mu 2005, ndipo kuno ku Zambia zafala kwambiri kwa ana a sukulu, alimi a mkaka ndi azaumoyo. Felemu ndi yachitsulo, kaliyala yake anaipangira makilo 100, buleki ndi yopondera pedulo chambuyo. Yokha imalemera kuposa makilo 20 koma anaipanga dala choncho. Mukafunse mtengo ku shopu yawo muyerekeze ndi ndalama muli nayo.

Chova_Chova:
Imeneyo ndi thirakitala, ndimaipatsa ulemu.

AmakeTaonga:
Koma Kanyama mpaka Longacres tsiku ndi tsiku opanda magiya, munthu adzafika kuntchito malaya atanyowa. Masiku a ntchito ndi asanu, la tomato ndi limodzi. Bwanji tikusankhira njinga tsiku limodzilo?

Mwana_wa_Malasha:
Chifukwa tsiku limodzilo ndi limene lingaithyole amayi. Koma funso lanu ndi lolemera, sindikukana.

Msungwi_Bauleni:
Palibe watchula nsungwi? Muno mu Lusaka momwemuno a Zambikes, amene anayamba mu 2007, anadziwika ndi mafelemu a nsungwi mpaka kumatumiza kunja. Nsungwi amaziumitsa bwino, polumikizira amakulunga ulusi ndi guluu. Ndinakwerapo imodzi, pa msewu wa miyala imayenda mofewa modabwitsa.

Mwana_wa_Katete:
Nsungwi zomwe timalukira nkhokwe ndi madengu? Chiswe sichidya?

Msungwi_Bauleni:
Amazipaka mankhwala ndi vanishi. Koma ya matumba a unga ayi, ndangoitchula kuti anthu adziwe kuti zinapangidwapo kwathu konkuno.

Fundi_wa_Kalingalinga:
Funso la Amake Taonga landikhalabe m'mutu, ndipo ndikuona kuti tonse tamutsekera munthuyu pa njinga ziwiri ngati kulibe yachitatu. Chitsulo sichimodzi. Zakuda za m'mashopu ndi chitsulo wamba, chimene amalemba kuti Hi-Ten, mapaipi ake ndi ochindikala chifukwa chitsulocho si champhamvu kwambiri, ndiye kulemerako. Koma pali china chotchedwa chromoly, chosakaniza ndi chromium ndi molybdenum, pa chomata amalemba Cr-Mo kapena 4130, ena Tange, ena Reynolds. Chimenecho ndi cholimba moti paipi amaipanga yopyapyala, kumapeto kosakwana milimita imodzi, pakati n'kupyapyalanso kuposa apo. Mountain bike zambiri za m'ma 1990 zinali za chromoly, zopanda masipuling'i kutsogolo, mawilo a 26, ndipo zimabwera mu salaula zosakanikirana ndi zinazo. Ogulitsa ambiri amaziona ngati zachikale chifukwa mapaipi ndi oonda, amakweza mtengo wa zonenepa zonyezimira. Imeneyo ili ndi magiya a ku Longacres, ili ndi timabowo ta kaliyala, matayala a 26 amapezeka pa msika uliwonse, ndipo ikang'aluka imakonzeka. Chenjezo limodzi lokha, musaipereke kwa munthu wa rodi yonenepa ya mageti, aiboola. Imafuna gasi ndi brazi, moto wofatsa.

Mukapita kukaona ya ku Matero kapena ina iliyonse tengani maginito, ngakhale ya sipika yakale. Ikamata ndi chitsulo, ikapanda kumata ndi aluminiyamu. Tengani kansalu konyowa ndi tochi ya foni. Pukutani pansi pa paipi yaikulu pamene yakumana ndi khosi la foloko, pozungulira mabero a mapedulo, pamwamba pa paipi ya chishalo, ndi pamene wilo yakumbuyo imagwira. Mukufuna kamzere kakuda ngati tsitsi, kapena penti yotukumuka ngati makwinya. Chomata chimene chaikidwa pamalo achilendo chikayikireni. Ndipo masulani chishalo muone ngati chikutuluka, paipi ya aluminiyamu ikakhalitsa mu felemu yachitsulo popanda girisi zimagwirana ngati anaziwotcherera.

Mech_wa_pa_UNZA:
Izi ndiye zofunika kuzisunga. Ndiwonjezere kuti muime kutsogolo muyang'ane ngati mawilo awiri ali pa mzere umodzi, ndipo mupalase pang'ono mutamasula manja, ikamakokera mbali imodzi inagundapo.

Zed_Rider_LH:
Pa chromoly ndikuvomereza ndi mtima wonse. Paipi ya Reynolds 531 inatuluka mu 1935 ndipo anthu anapambana nayo mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France kambirimbiri, ngakhale kuti iyo kasakanizidwe kake ndi ka manganese, koma ndi banja lomwelo la zitsulo zabwino.

Tate_wa_Dalitso:
Abale ndabwerako ku Matero, ndinapempha kuweruka msanga. Maginito ndinachotsa pa wailesi yakufa. Pa felemu sinamate, ndiye ndi aluminiyamu zoona, pa foloko inamata. Ndinapukuta monse mmene munanenera a fundi, kutsogolo kuli bwino, pa mapedulo pali bwino. Koma pamwamba pa paipi ya chishalo, kumbuyo kwake, panali kachomata ka mbendera. Ndinapempha kuti tikamatule, mnyamatayo anavomera, ndipo pansi pake pali kamzere kotalika ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kuchokera pa mpata uja wofinyira chishalo kutsikira pa chowotcherera. Nditakanikiza chishalo chambuyo kamzereko kamatseguka pang'ono. Iyenso anadabwa, akuti inabwera choncho mu belo ndipo ndikumukhulupirira chifukwa sanakane kumatula. Watsitsa mpaka K2,000. Nditani?

Chova_Chova:
Thawani.

Boyi_wa_Chibolya:
Pa K2,000 ine ningatenge, kumangapo kalampu ya paipi ya madzi basi, chishalo n'kutsitsa.

Fundi_wa_Kalingalinga:
Ayi boyi, pamenepo ndi pamene pakhale kulemera kwa bambo, ndipo kumbuyo kwake kuli mwana. Mwini wake woyamba anali wamtali, anakweza chishalo kupyola mzere umene amalemba pa paipi, ndiye kagawo kotsala mkati kanali kakafupi, kamakhala kakutswa pakamwa pa felemu ngati chokhoma. Mng'alu umene ukutseguka ndi dzanja wayamba kale kuyenda. Kalampu ingoubisa. A Tate_wa_Dalitso isiyeni, pokhapokha ngati mukufuna kugula magiya ndi mawilo ake okha.

AmakeTaonga:
Ndatsika pansi ndi tochi kukayang'ana yanga nditawerenga izi. Ili bwino, koma chishalo chinali pa mzere penipeni, ndachitsitsa pang'ono.

Tate_wa_Dalitso:
Ndaisiya. Koma nkhani sinathere pomwepo, nditamufotokozera zimene ndikufuna ananditengera kuseri kwa nyumba kumene waunjika zimene anthu sazifuna. Pali ina yobiriwira, mapaipi oonda, penti yakalikakalika, matayala onse akuphwa. Maginito inamata, ndipo pa paipi ya chishalo pali chomata chofufutika koma 4130 ikuwerengeka bwinobwino. Timabowo ta kaliyala tilipo mbali zonse ziwiri, chishalo chinatuluka titapotokola awiri, mkati ndinaunika muli kadzimbiri kofiirira pang'ono koma chala sichikutola zinyenyeswa. Mng'alu sindinaupeze. Ndinainyamula, ikulemera kuposa ya aluminiyamu ija koma osati kwambiri, ya ku Kamwala siyandikirako. Tagwirizana K2,300, ndasiya K500 kuti asagulitse. Yotsalayo ndigule matayala, machubu, mabuleki ndi tcheni cha loko. Kaliyala ndiye sindidziwa, ndiwotchereretse pa felemu kuti ilimbe?

Mwana_wa_Malasha:
Wilo yakumbuyo muwerenge masipoko, ikhale ya 36. Ngati ndi ya 32 mumangitse ina musanayambe za Soweto.

Agogo_Eagle:
Mwachita bwino mwana wanga. Oyilo uja musaiwale, mitambo yayamba kale kusonkhana.

Fundi_wa_Kalingalinga:
Musawotcherere pa felemu, mapaipi amenewo ndi opyapyala ndipo moto wosafunikira umangowafooketsa. Kaliyala ipangidwe payokha ya paipi ya sikweya yaing'ono, miyendo iwiri mbali iliyonse, imangidwe ndi mabawuti pa timabowo tija, kutsogolo igwire pa mapaipi awiri otsika kuchokera ku chishalo. Tiikenso popondera mwana ndi malata otchinga masipoko monga ananenera NaChikondi. Unga ndi tomato muzinyamula maulendo awiri ngati bokosi ndi lalikulu, Soweto ndi Kanyama si patali. Bwerani nayo Loweruka m'mawa magetsi asanapite, ndakutumizirani malo ku inbox, mubwere ndi bokosi la tomato lopanda kanthu tiyezere pomwepo.